Kalata imene ndinasaina ndili ndi mantha

Kwa zaka zinayi ndinkayendetsa pikapu ya kampani ina yopikulitsa sopo, shuga, mchere ndi mafuta ophikira ku Lilongwe. Dzina la kampaniyo sinditchula, chifukwa sindikulemba kuti ndiipitse munthu. Ntchito yanga inali yoperekera katundu m'magolosale a mumsewu wa M1, kuyambira pa Nathenje mpaka ku Ntcheu, kutolera ndalama, n'kubwerera tsiku lomwelo. Malipiro anga, akachotsa msonkho ndi penshoni, ankatsala K260,000 pamwezi. Ndalamayi ndaitchula dala, kuti mumvetse kulemera kwa K110,000 imene anayamba kundidula.

Zonse zinayamba ndi tayala. Kumayambiriro kwa Okutobala 2023 ndinaona kuti tayala la kutsogolo, mbali ya kumanzere, latha mano ndipo m'mbali mwake mwayamba timing'alu. Ndinawauza a kapitawo athu, omwe ankayang'anira magalimoto. Anati matayala akwera mtengo, tidikire kaye. Ndinawakumbutsanso tsiku lina tili pageti, iwo akuthamangira kumsonkhano, anangogwedeza mutu. M'galimotomo munali logibuku yolembamo makilomita, mafuta ndi zovuta za galimoto, koma kunena zoona madalaivala tonse tinkangolemba makilomita ndi mafuta basi. Danga la zovuta linkakhala loyera mwezi wathunthu. Ndikanalemba mizere iwiri yokha m'bukumo, a kapitawo n'kusainapo, nkhani yonseyi ikanatha pasabata imodzi.

Lachinayi pa 26 Okutobala ndinamaliza kutsitsa katundu ku Ntcheu dzuwa litangopendeka. Pa Lizulu mayi wina anandiimitsa ali ndi matumba awiri a mbatata ya kachewere, ulendo wa ku Lilongwe. Malamulo a kampani ankaletsa matola, ndipo ine ndinkadziwa bwino lomwe. Koma K6,000 ndi ndiwo za masiku awiri, ndipo ndinali nditachitapo kambirimbiri popanda chovuta. Matumba tinaponya kumbuyo, mayiwo anakhala kutsogolo.

Titadutsa pa tolo geti ya Kalinyeke, tisanafike pa Chimbiya, ndinangomva kuti phuu! ngati mfuti, chiwongolero n'kuthawira kumanzere ngati wina wandilanda. Ndinaponda buleki ndi mphamvu zanga zonse, chomwe dalaivala sayenera kuchita tayala likaphulika. Umafunika kugwiritsa chiwongolero, kuchotsa phazi pamoto pang'onopang'ono, galimoto ichepetse yokha liwiro. Zimenezi ndinkazidziwa, koma phazi linaganiza lokha. Tinatsetserekera m'ngalande n'kukagunda kalavati. Bampa inapindika, nyali ya kumanzere inasweka, rediyeta inabooka, nthunzi ili tolotolo pa boneti, ndipo gudumu linalowa m'kati. Mayi aja anangosupuka pachigongono, ine ndinaluma lilime. Thumba limodzi linang'ambika, mbatata zili mbwee pamsewu, ana a pamudzi wapafupi akutola n'kumaunjika pambali mwaulemu wake.

Apa ndinalakwitsa zinthu zingapo nthawi imodzi. Ndinajambula zithunzi ziwiri zokha, zonse za kutsogolo kwa galimoto, ngati ndikufuna kuonetsa anthu kukula kwa ngozi. Tayala lophulikalo sindinalijambule, mizere ya pamsewu sindinaijambule, nambala ya foni ya mayi aja sindinatenge. Anakwera minibasi ndi mbatata zawo, ine n'kumapumira m'mwamba poganiza kuti umboni wa matola wapita. Sindinadziwe kuti amene akupitayo ndi mboni yokhayo imene inamva kuphulika kwa tayala. Apolisi apamsewu anabwera, anayeza, anaona laisensi yanga ndi mapepala a galimoto, analemba zawo. Sindinafunse kuti lipoti lawo ndingalipeze bwanji. Bulekidauni inafika usiku, ndipo ndinalowa m'nyumba cha m'ma 11 koloko, miyendo ikunjenjemerabe.

M'mawa mwake anandiitanira muofesi ya abwana. Munali abwanawo, mayi woona za ogwira ntchito, amene tonse tinkangoti a HR, ndi a kapitawo atakhala pakona, maso ali pafoni. Palibe anandifunsa ngati ndavulala. Woyendetsa bulekidauni anali atawauza kale za mbatata zimene anazipeza kumbuyo kwa pikapu.

"Ndiye inu mwasandutsa galimoto yathu minibasi?" anatero abwana.

Ndinavomera za matola, ndinapepesa. Ndinayamba kufotokoza za tayala, koma anandidula mawu. Anati galimoto inalemedwa ndi katundu wa eni, ndinkathamanga, ndipo akumva kuti pa Lizulu ndinaima nthawi yaitali pamalo ena omwera. Kenako a HR aja anakankhira pepala kutsogolo kwanga, lotayipa kale m'Chingerezi. Anati njira zilipo ziwiri: ndisaine kuti ndilipira kukonza galimoto pang'onopang'ono ntchito ipitirire, kapena ndichotsedwe tsiku lomwelo chifukwa cha matola.

Chingerezi ndimawerenga, sukulu ndinafika Fomu 4. Koma m'mawa umenewo zilembo zinkangoyandama. M'mutu munali lendi, fizi ya mwana wanga wamkulu, ndi nkhope ya mayi a kunyumba ndikawauza kuti ntchito yatha. Ndinasaina. Ndinathokozanso, mpaka kuwomba m'manja, ngati andichitira chifundo.

Pepalalo linkanena kuti ngozi inachitika chifukwa cha kusasamala kwanga, ndipo ndikuvomera kulipira mtengo wonse wokonzera galimoto podulidwa pamalipiro. Kuchuluka kwa ndalama sikunalembedwe paliponse. Kope langa sanandipatse, ndipo ine sindinapemphe. Izi ndinazizindikira pambuyo pake. Mukadzakhala pampando umene ndinakhalapo, pemphani tsiku limodzi loti mukawerenge pepalalo kunyumba. Nenani mwaulemu kuti mutu sukuyenda bwino chifukwa cha ngozi, zomwe zimakhala zoona. Akakana, jambulani pepalalo ndi foni musanagwire cholembera. Bwana amene zinthu zake zili m'malo saopa kudikira mpaka mawa.

Patapita sabata anandionetsa kotesheni ya kugalaja: K3,800,000. Ndinangoti kakasi. Ndisanameze n'komwe nambala imeneyo, pa 9 Novembala kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka cha m'ma K1,180 kufika pa K1,700. Zipangizo za galimoto pafupifupi zonse n'zoitanitsa kunja, ndiye mitengo inalumpha usiku umodzi. A HR anandiitananso n'kundionetsa kotesheni ina: K5,200,000. Nditafunsa kuti zikutheka bwanji kuti ine ndisenze kugwa kwa kwacha, anati ndinasaina kulipira mtengo wonse, ndipo mtengo wonse ndi umenewo. Apa m'pamene ndinamva kuwawa kwa danga lopanda nambala lija. Pa K110,000 pamwezi, ndinawerengera pafoni, ngongoleyo ikanatha patatha pafupifupi zaka zinayi.

Anandichotsanso pamsewu n'kundiika kunyumba yosungira katundu, kuwerenga makatoni. Malipiro sanasinthe papepala, koma alawansi ya nkhomaliro, K5,000 patsiku la ulendo, inatha. Imeneyo ndi imene inkagula makala ndi matemba pakati pa mwezi.

Kunyumba sindinanene zonse. Ndinawauza mayi a kunyumba kuti kunali ngozi yaing'ono, zakambidwa, zatha. Mwezi wa Novembala utatha ndinalandira K150,000. Lendi ku Area 25 inali K70,000. Ndinapita kwa munthu wa katapila, ndinatenga K100,000 yoti ndikabweze K140,000 pakutha pa mwezi, kuti pakhomo pasaoneke kusintha. Pa zopusa zonse zimene ndinachita, ichi chimandipwetekabe kuposa kusaina kuja, chifukwa posaina ndinali ndi mantha, koma kwa katapila ndinapita ndi miyendo yanga, nditaganiza usiku wonse. Mu Disembala mayi anapeza peyisilipi m'thumba la thalauza pochapa. Sanakalipe. Anaiyala patebulo, yonyowa m'mbali, n'kundifunsa kuti, "Abambo, ndalama iyi ikupita kuti?" Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa tayala. Anangoti, "Ndiye mumati muthana nazo nokha?" Tsiku lomwelo anaimbira achimwene awo.

Alamu angawa anagwirapo ntchito zaka zambiri pafakitale ina ku Kanengo ndipo anakhalapo m'komiti ya ogwira ntchito. Anabwera Lamlungu masana, tinakhala pakhonde. Funso lawo loyamba linali limene ine sindinadzifunsepo kwa miyezi iwiri: "Alamu, galimotoyo inalibe inshuwalansi?"

Ndinati inali nayo, chimata chake chinali pagalasi. Anafunsa kuti yamtundu wanji. Sindinadziwe. Zaka zinayi ndikuyendetsa galimoto imodzimodziyo, osadziwa. Anandifotokozera kuti inshuwalansi imene lamulo limakakamiza galimoto iliyonse ndi ija ya third party, yolipira anthu ena amene wawavulaza kapena kuwawonongera katundu, koma galimoto yako yomwe sakukonzera. Ina ndi ya comprehensive, yomwe imakonzanso galimoto ya mwini wake. Pamenepo mwini galimoto amangolipira kagawo koyamba kotchedwa ekisesi, zotsalazo n'za a inshuwalansi. "Kafufuzeni," anatero. "Ngati ndi yachiwiriyi, ndiye kuti mukulipira chinthu cholipidwa kale."

Loweruka lotsatira ndinapita kugalaja, cha ku Biwi, ngati wongodutsa. Pikapu ndinaipeza yatsala pang'ono kutha, akuipaka utoto. Makaniko wina wachinyamata, amene tinkadziwana chifukwa ndinkabweretsa galimotoyo ku sevisi, anandilonjera. Ndinamugulira Fanta. Pocheza anangoti, "Iyi ndi ya inshuwalansi iyi, achimwene. Anabwera munthu wawo kudzajambula, anadulako zina pakotesheni." Anayankhula ngati nkhani wamba, osadziwa kuti wandibaya pamtima. Ndinamufunsa za tayala lija. Anandiperekeza kuseri kwa galaja, pamulu wa matayala otha amene anyamata odula linya amadzagula. Tinafukula, tinalipeza, litang'ambika m'mbali ngati chikwama chakale. Anapukuta ndi chala n'kundionetsa manambala anayi ali m'kabokosi kozungulira pambali pa tayala: 2317. Anati awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Tayalalo linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2017. Linali ndi zaka zoposa zisanu ndi chimodzi, mano atatheratu, likunyamula shuga ndi mafuta pamsewu wotentha wa mu Okutobala. Ndinalijambula mbali zonse, ndinalipira K3,000 n'kulikweza pa kabaza mpaka kunyumba. Anansi ankaseka poona munthu akusunga tayala lophulika kuchipinda. Ndikanachedwa sabata ina, bwenzi litasanduka zingwe zomangira denga.

Umboni wachiwiri anaupeza ndi mwana wanga wamkazi. Ndinkadandaula kuti a kapitawo akukana kuti sindinawauzepo za tayala, iye n'kufunsa ngati sindinawalemberepo pa WhatsApp. Ndinati ayi, ndinkawauza pakamwa. Anatenga foni, anafufuza, ndipo pa 4 Okutobala panali chithunzi cha tayalalo chimene ndinawatumizira ndili pa Dedza, ndi mawu akuti "Bwana, ili latha." Pansi pake panali uthenga wa mawu wa masekondi asanu ndi awiri. Tinautsegula: mawu a kapitawo, phokoso la msewu kumbuyo, akuti ndaona, yendani nalo kaye, tiona mwezi ukatha. Ndinali nditaiwaliratu. Ndinaumvetsera kasanu. Mwanayo anautumiza kufoni ya mayi ake ndi ya amalume ake, kuopa kuti yanga ingabedwe kapena kufa. Musamafufute mauthenga a kuntchito pofuna kupeza malo a mavidiyo. Ine anapulumuka mwamwayi chabe.

Chachitatu chinali kalisiti ka pa tolo geti, kamene ndinakapeza m'chikwama cha laisensi, kakufufutika kale chifukwa inki ya timalisiti timeneti sikhalitsa. Nthawi inkaonekabe: 4:41 madzulo. Lisiti ya golosale yomaliza ku Ntcheu inali ya cha m'ma 3 koloko. Aliyense wodziwa msewu umenewu akhoza kuwerengera yekha kuti panalibe mpata wokhala pamalo omwera. Ndinakachita fotokope tsiku lomwelo. Kenako ndinapita kupolisi ya dera limene ngozi inachitikira kukapempha lipoti. Ndinayenda kawiri, chifukwa ulendo woyamba wapolisi amene analemba anali pamsewu. Ndinalipira ndalama yake, anandipatsa lisiti ya boma, ndipo lipotilo linanena zimene ndinkanena kuyambira tsiku loyamba: tayala la kutsogolo linaphulika. Za mowa munalibe.

Alamu anati tisathamangire kunja tisanagogode m'nyumba. Kumayambiriro kwa Januwale 2024 ndinalemba kalata kwa abwana, yaifupi, yopanda ukali. Ndinavomera kulakwa kwanga pa matola. Ndinapempha zinthu zitatu: kope la pepala limene ndinasaina, mapepala oonetsa zimene a inshuwalansi alipira, ndi kuti kudula kuime mpaka tikambirane. Ndinapanga makope awiri, ndipo mlembi wa pa ofesi anadinda ndi kusaina langa kuti alandira. Chidindo chimenecho musamachinyoze. Popanda icho kalata imasowa ngati sinalembedwepo. Yankho silinabwere. M'malo mwake a kapitawo anandipeza ndikuwerenga makatoni n'kundinong'oneza kuti, "Achimwene, mukudziputira zinthu. Anthu akuchitirani chisoni, inu mukufuna makhoti?" Anzanga ena anayamba kundizemba pa nkhomaliro. Sindikuwaimba mlandu, aliyense ali ndi ana. Kutha kwa Januwale anadulanso.

Ndinapita ku ofesi ya zantchito ya boma, kumene tonse timangoti ku Leba, sabata yoyamba ya Febuluwale. Ndinkaganiza kuti kumafunika loya kapena ndalama. Sindinalipire kanthu. Ndinadikira pabenchi m'mawa wonse pamodzi ndi alonda, antchito a m'nyumba ndi anyamata a zomangamanga, aliyense ndi envulopu yake. Bambo amene anandilandira anamvetsera, anaona mapeyisilipi, analemba kalata yoitana kampani, ine n'kukaipereka ndekha. Kupereka kalata imeneyo m'manja mwa a HR ndi chinthu chimene chinandivuta kuposa zonse. Manja ankatuluka thukuta.

Tsiku loyamba a kampani sanabwere. Tsiku lachiwiri anabwera a HR okha, opanda pepala lililonse, akuti abwana ali kunja kwa mzinda. Ulendo uliwonse unkandidyera tsiku la tchuthi changa ndi ndalama ya minibasi. Kutha kwa Febuluwale anadula kachinayi, zonse pamodzi K440,000. Panthawi imeneyi ndinatsala pang'ono kuzisiya. Mwana anali atabwezedwa kusukulu kawiri chifukwa cha fizi, wakatapila ndinali nditamubweza koma pobwereka kubanki nkhonde ya mayi, ndipo usiku tulo sitinkabwera. Mayi ndi amene anati, "Mwafika kale pakati pa mtsinje, kubwerera ndi kuwoloka n'chimodzimodzi."

Tinakumana tonse pakati pa Malichi: ine, alamu, a HR, a kapitawo ndi munthu wa ku akaunti. Ndinabwera ndi tayala langa m'thumba la feteleza. Ndinkayembekezera kuti bambo a ku Leba aja anena kuti kudula malipiro n'koletsedwa, basi, ndibwezeredwe zonse. Sizinatero, ndipo ndikufuna mumve bwino apa, chifukwa anthu ambiri amanamizana pankhani imeneyi. Anatsegula lamulo la ntchito, Employment Act ya chaka cha 2000, pa gawo 56. Anafotokoza kuti lamulolo limaletsa bwana kulipiritsa wantchito faindi ngati chilango, koma limamulola kudula ndalama pamalipiro kuti abwezeretse katundu amene wantchitoyo wawononga. Mtima wanga unagwa. Koma anapitiriza kuti gawo lomwelo limafuna kuti bwana achite zinthu moyenera, ndipo poyeza zimenezo amaona kukula kwa cholakwa, ntchito ya munthuyo, chilango chimene chaperekedwa, ndondomeko imene inatsatidwa, kukula kwa chowonongeka ndi mbiri ya wantchitoyo. Kenako anatembenukira kwa a HR.

"Mayi, bambowa munawapatsa mpata wofotokoza mbali yawo musanalembe pepalali?"

Anati tinakambirana.

"Pepalali linatayipidwa iwo asanalowe kapena atatuluka?"

Chete.

Anafunsa ngati zaka zinayi zonsezo ndinalandirapo kalata ya chenjezo. Panalibe. Anapempha mapepala a inshuwalansi. Wa ku akaunti anayang'ana a HR, kenako anatulutsa. A inshuwalansi anali atalipira galaja mu Januwale. Kampani inatulutsa m'thumba mwake ekisesi ya K350,000 yokha, kuphatikizapo ndalama ya bulekidauni. Ine ndinali nditadulidwa kale K440,000, ndipo m'mabuku mwawo ndinali ndi ngongole ya mamiliyoni anayi ndi kanthu. A HR anati ndalama inayo inali ya phindu limene kampani inataya galimoto ili kugalaja. Bambo aja anafunsa kuti zimenezo zalembedwa pati. Sizinalembedwe paliponse.

Ndiye ndinatsegula uthenga wa mawu uja. Masekondi asanu ndi awiri, m'chipinda muli zii. A kapitawo anayang'ana pansi. Ndinawamvera chisoni pang'ono, chifukwa ndikudziwa kuti nawonso ankakanizidwa ndalama ya matayala kumwambako. Koma iwo sanandimvere chisoni pamene ankakhala pakona tsiku lija. Tayala sitinalitulutse n'komwe m'thumba. Bambo a ku Leba anangosuzumira, anaona manambala aja, n'kulemba.

Nanenso sanandisiye. "Bambo, matola munanyamula?" Ndinavomera. Anati chimenecho ndi cholakwa, ndipo kampani ili ndi ufulu wondilanga nacho. Ndithokoze kuti mayi a mbatata aja sanavulale kwambiri, chifukwa ikanakhala nkhani ina. Anatinso dalaivala ali ndi udindo wokana kutulutsa galimoto imene akuona yekha kuti si yabwino. Zinandiwawa kumva, koma zinali zoona. Tayalalo ndinkaliona m'mawa uliwonse, n'kumalizabe injini.

Anatiuza kuti iwo sagamula ngati khoti, ntchito yawo ndi kuyanjanitsa. Tikalephera kumvana atipatsa kalata yopita nayo ku Industrial Relations Court, khoti la nkhani za ntchito. Tinatuluka panja ndi alamu kukambirana. Iwo ankafuna tipite kukhoti, ankati tikapambana zonse. Mwina akanalondola. Koma ine ndinali nditatopa, ndinkagwirabe ntchito pamalo omwewo, ndipo nkhani ya matola inali pamutu panga ngati mwala. Tinabwerera m'kati n'kugwirizana motere: ekisesi tigawane pakati, ine K175,000, kampani K175,000, bulekidauni ndi ya kampani, ngongole ya mamiliyoni ija ifafanizidwe, andibwezere K265,000, ndilandire kalata ya chenjezo pa matola, pepala loyamba lija lithe ntchito. Zonse zinalembedwa, ndi manambala ake ndi masiku ake, tonse tinasaina. Ulendo uno ndinawerenga mzere uliwonse kawiri, anthu akudikira, ndipo ndinatuluka ndi kope langa.

Ndalama sinabwere monga tinalembera. Theka linalowa kumapeto kwa Epulo, linalo mu Juni nditapitanso ku Leba kukanena kuti pangano silikutsatidwa. Ndipo K265,000 ya mu Juni 2024 sinali yofanana ndi imene anandidula mu Novembala. Thumba la ufa ndi botolo la mafuta zinali zitakwera kale. Ndikawerengera zonse, nkhaniyi inandidyera K175,000 ya ekisesi, K40,000 ya chiwongoladzanja cha katapila, china cha kubanki nkhonde, ndalama zoyendera ku Dedza ndi ku Leba zokwana cha m'ma K60,000, masiku asanu ndi limodzi a tchuthi, ndi alawansi ya miyezi isanu ndi itatu imene sindifuna n'kuiwerengera komwe. Kuchoka pa K5,200,000 kufika pamenepa ndi kupulumuka, koma sindinganene kuti ndinapambana.

Pamsewu sanandibwezerenso. Kontrakiti yanga inkatha kumapeto kwa Juni, ndipo sanaiwonjezere. Anati ntchito yachepa. Alamu anandikumbutsa kuti munthu amene akuona kuti wachotsedwa mopanda chilungamo ali ndi miyezi itatu yokadandaula ku Leba, ndipo amene alibe ndalama ya loya akhoza kukapempha thandizo ku Legal Aid Bureau. Ndinaganizira, koma yanga inali kontrakiti yofika kumapeto, ndipo mtima wobwerera pabenchi lija ndinalibe. Chimene ndinalimbikira ndi kalata yotsimikiza kuti ndinagwira ntchito pamenepo zaka zinayi, komanso kuona kuti ndalama zanga za penshoni zinatumizidwa zonse. Izi anandipatsa osavuta, mwina pofuna kuti ndizipita.

Ndinakhala miyezi itatu ndikuyendetsa galimoto za hayala za anthu, kenako ndinapeza ntchito pa kampani ina yonyamula katundu. Tsiku losaina kontrakiti ndinafunsa mafunso amene anadabwitsa bambo wondilembayo: galimoto zili ndi inshuwalansi yamtundu wanji, ekisesi ndi ndalama zingati, ngozi ikachitika amalipira ndani, ndipo zalembedwa patsamba liti. Anandiyang'ana kanthawi n'kufunsa ngati ndinachitapo ngozi. Ndinati eya, ndinawafotokozera, za matola zomwe. Anatsegula tsamba lachinayi n'kundilozera ndi cholembera.

Sabata yachiwiri pantchito yatsopanoyi ndinapeza kuti lole imene anandipatsa ikudontha mafuta a buleki pagudumu la kumbuyo. Ndinalemba mu logibuku, ndinajambula, ndinatumiza pa WhatsApp, n'kupita ndi bukulo kwa kapitawo kuti asaine. Anati, "Aaa, madala, kungofika pa Mponela pompa n'kubwerera, mukufuna siginecha?" Ndinamupatsa cholembera, makiyi ndinaika patebulo pake. Lole inatuluka 11 koloko m'malo mwa 7, makaniko atasintha paipi, ndipo kasitomala wa ku Mponela anandikalipira ine.